Kamera ya pa Facebook: Tiyambe Taigwira, Ndalama Pambuyo



Mayeso a MSCE akatha, achinyamata ambiri a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona amakhala pakhomo miyezi ingapo kudikira zotsatira. Ngakhale zotsatirazo zituluke bwino, malo m'mayunivesite a boma sakwanira onse amene akhoza. Pa ntchito zimene mwana wotere angayambe yekha, kujambula zithunzi ndi makanema kukukopa ambiri, ndipo n'zomveka. M'madera mwathu simutha nikah, zinkhoswe, aqiqah, zikondwerero za Eid ndi maphwando otsanzikana ndi a Fomu 4. Makomiti a mizikiti ndi a sukulu nawonso ayamba kufuna kamera zojambulira ulaliki ndi mipikisano yowerenga Qur'an.

Chovuta ndi mtengo. Kamera sizipangidwa m'Malawi muno; zonse zimachokera kunja, kumene zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nayo. Kholo limene lafunsa mtengo wa kamera yatsopano m'sitolo limatuluka litagwira pakamwa. N'chifukwa chake maso onse atembenukira pa Facebook ndi m'magulu a malonda a pa WhatsApp, kumene Canon kapena Nikon yogwirapo kale ntchito imaoneka ngati ya mtengo wofikirika.

Sitikunena kuti kugula pa intaneti n'kolakwika. Kuli ogulitsa ambiri achilungamo, ndipo kamera yabwino yogwiritsidwapo ntchito ikhoza kudyetsa banja zaka zambiri. Mfundo yathu ndi imodzi: ndalama zisachoke m'manja mwathu kamera isanagwiridwe ndi kuyesedwa, kaya ndi ife eni kapena ndi munthu amene tamutuma tokha. Ndipo kufufuza kotere si kunyoza wogulitsa. Ndi mmene malonda amayenera kuyendera.

Mmene msampha umatcheredwera

Akathyali a pa intaneti sasintha nyimbo kawirikawiri. Amaika chithunzi chokongola cha kamera, nthawi zambiri chotengedwa pa tsamba la sitolo ya ku Ulaya kapena ku South Africa. Mtengo amauika pansi kwambiri, mwina theka la umene ena akugulitsa. Mukafunsa koti mukaione, amayankha kuti ali ku Mzuzu, ku Karonga kapena ku Joni, koma basi inyamuka mawa. Kenako amakupanikizani: pali anthu ena atatu amene akuifuna, tumizani dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti ndikusungireni.

Dipoziti ikangopita, nkhani imayamba kubala ana. Katundu wagwidwa pa chipata cha Dedza, a MRA akufuna msonkho. Mukatumiza, dalaivala akufuna yake. Mukatumizanso, nambala ija siikupezeka. Chimene chimapangitsa munthu wanzeru zake kutumiza kachiwiri ndi kachitatu si uchitsiru ayi. Ndi mantha akuti akasiya, ndalama zoyamba zija zapita. Wakubayo amadziwa mantha amenewa ndipo ndi amene amakama.

Kulembetsa masimu khadi, kumene bungwe la MACRA linalamula mu 2018, sikunathetse vutoli, chifukwa mbava zimagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa m'maina a anthu ena. Ngakhale chithunzi cha chiphaso cha unzika chimene wogulitsa wakutumizirani pa WhatsApp sichitsimikizira kanthu. Kawirikawiri chimakhala cha munthu wina amene anamubera kale, amene naye anachitumiza pofuna kuonetsa kuti ndi wokhulupirika. Pachifukwa chomwechi, nanunso musamatumize chiphaso chanu kwa munthu wosamudziwa.

Salamu si lisiti

Pali chida china chimene akathyali amagwiritsa ntchito makamaka kwa ife. Akaona dzina lathu, amayamba ndi salamu, amaika "Insha Allah" m'chiganizo chilichonse, amalumbira kuti "Wallahi", ndipo pa chithunzi chawo pamakhala munthu wovala mkanjo ndi kofia. Mtima wathu umafewa. Timaona ngati kufunsa mafunso ambiri kwa m'bale wotere n'kumuganizira zoipa.

Tikumbuke kuti ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, siikamba za swala kapena swaumu. Ikukamba za kulemberana ngongole ndi kuika mboni, ndipo ikulankhula kwa okhulupirira akamachita malonda pakati pawo. Ngati kulemberana kukanakhala kukayikirana, sikukanalamulidwa pakati pa Maswahaba. Mabuku a mbiri amasimbanso kuti munthu wina atachitira umboni mnzake pamaso pa Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, Khalifayo anafuna kudziwa ngati anakhalapo naye moyandikana nyumba, ngati anayendapo naye ulendo, kapena ngati anachitapo naye malonda a ndalama. Atapeza kuti palibe chimodzi mwa zimenezi, anamuuza kuti sakumudziwa munthuyo. Ngati kuona munthu akuswali mumzikiti sikunali kokwanira kwa Umar, nanji chithunzi cha pa WhatsApp?

M'maphunziro a fiqh timaphunzitsa za gharar, malonda amene wogula sakudziwa bwino chimene akugula kapena ngati chidzafika m'manja mwake. Zitsanzo zimene ma ulama akale ankapereka ndi kugulitsa mbalame imene ikuuluka ndi nsomba imene idakali m'madzi. Palibe mayi wa ku Kawale amene angalipire chambo chimene chikusambira ku Senga Bay. Kamera imene taiona pa chithunzi chokha siisiyana ndi chambo chimenecho. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife tinakulira nawo ku madrasa, mau amphamvu ndi akuti kugula chinthu chenicheni chimene sunachione sikuloledwa. A Hanafi amalola, koma amapatsa wogula ufulu wochikana akachiona. Mbali zonse ziwiri zikugwirizana kuti maso a wogula ali ndi gawo pa malonda. Wogulitsa amene akufuna ndalama zonse musanaone, ndipo sakulola kubweza, wachotsa gawo limeneli.

Tisanakwere minibasi

Mafunso ena amafunsidwa tili kunyumba. Pemphani wogulitsa kuti akuimbireni foni ya kanema, akuonetseni kamera ikuyaka, ajambule chithunzi inu mukuona, ndiponso akuwerengereni nambala yake yapadera, serial number, imene imakhala pansi pa kamera. Amene ali nayodi kamera zimenezi sizimutengera mphindi zisanu. Amene alibe amadandaula za netiweki ndi bando. Chithunzi chimene waika mukhoza kuchifufuza ndi Google Lens; mukachipeza pa masamba a m'maiko ena, nkhani yatha pomwepo. Onaninso tsamba lake: lotsegulidwa mwezi watha, lopanda abale kapena anzake olembapo, ndipo lotseka malo a ndemanga, ndi lokayikitsa.

Funsaninso mtengo wa mtundu womwewo kwa ojambula awiri kapena atatu a m'dera lanu. Ngati onse akutchula mtengo wofanana koma wa pa Facebook uja ali pa theka, dziwani kuti pali chifukwa: kamerayo kulibe, kapena ndi yakufa, kapena ndi yakuba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kokumana kukhale poyera ndiponso masana, monga m'malo a masitolo ku Gateway Mall kapena ku Game Complex, kapena pafupi ndi polisi ya Kawale, ya Kanengo kapena ya Area 3. Mwana asapite yekha, makamaka mtsikana. Pakhale munthu wamkulu, komanso munthu wodziwa kamera, ngakhale mutamulipira kangachepe ka tsiku lake. Ndalama zikhale m'foni kapena kubanki, osati m'thumba.

Kamera ili m'manja

Apa m'pamene pafunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamera ya mtundu wa DSLR ili ndi kachitseko kamene kamatseguka ndi kutseka nthawi iliyonse mukajambula, kamene ojambula amati shutter. Kachitsekoka kamatha ngati matayala a galimoto. Makamera ambiri a oyamba kumene, monga Nikon D3200 imene inatuluka mu 2012, anapangidwa kuti kachitseko kawo kapirire maulendo pafupifupi 100,000. Kamera imene yakhala ikujambula maukwati Loweruka lililonse kwa zaka zambiri ikhoza kukhala itayandikira pamenepo, ngakhale kunja ikuwala. Pa Nikon chiwerengerochi chimalembedwa m'kati mwa faelo ya chithunzi chilichonse ndipo chimawerengeka pa kompyuta. Pa Canon zambiri pamafunika kulumikiza kamera ku kompyuta yokhala ndi pulogalamu yake. Wodziwa uja ndi amene angakuthandizeni.

Chotsani lenzi, muiunike ndi tochi ya foni mbali zonse ziwiri. Fumbi pang'ono si vuto. Koma mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude kapena chifunga m'kati mwa galasi, chimenecho ndi chuku, chimene chimamera lenzi ikasungidwa ponyowa. Chimafalikira, ndipo kuchichotsa n'kovuta ndi kodula. Bwezerani lenziyo, muyese ngati ikulunjika yokha pa chinthu chapafupi ndi chakutali popanda kulira kapena kukakamira.

Kenako jambulani khoma loyera kapena thambo, kabowo ka lenzi mutakachepetsa kufika pa f/16 kapena f/22, ndipo chithunzicho muchikulitse. Madontho ndi mizere ya pa sensa zimaonekera pamenepo. Dinani batani lililonse, yatsani fulashi, jambulani kanema wa mphindi zingapo, ndipo onani ngati batire silikutsika mofulumira. Bwerani ndi memory card yanu kuti muyese ngati kamera ikusunga zithunzi bwino. Nambala ya pansi pa kamera ifanane ndi imene anakuwerengerani pa foni, komanso ndi ya pa bokosi kapena pa lisiti ngati zilipo. Ikakhala yokandidwa kapena yomatulidwa, bwezani kamerayo mwaulemu, muzipita.

Zida zing'onozing'ono nazo zili ndi misampha yake. Lenzi ya Canon siilowa pa Nikon, ndipo ngakhale m'banja limodzi muli kusiyana: lenzi za Canon RF sizilowa pa makamera akale a EF, monganso za Nikon Z sizilowa pa makamera a F. Makamera a Nikon a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibe mota yawoyawo yolunjikitsira lenzi, choncho lenzi zakale zolembedwa AF-D zimafuna kupotokola ndi dzanja. Batire lililonse lili ndi nambala yake: Canon 2000D imadya LP-E10, Canon 600D imadya LP-E8, Nikon D3200 imadya EN-EL14. Ma memory card achinyengo adzaza msika: kunja alembedwa SanDisk 128GB, m'kati malo ndi ochepa kwambiri, ndipo zithunzi zimayamba kusowa malo enieniwo akadzaza. Pulogalamu yaulere ya H2testw imaulula khadi lotere pa kompyuta. Taganizani mnyamata amene wajambula nikah yonse, kenako n'kukauza banja kuti zithunzi zasowa. Nikah siibwerezedwa, ndipo dzina lake m'dera lonse laipa tsiku limodzi.

Chenjeraninso ndi timakamera topanda dzina lodziwika tolembedwa 4K ndi 48MP, timene timagulitsidwa motchipa tili tatsopano m'bokosi. Tambiri timajambula moipa kuposa foni imene muli nayo kale.

Zonse zikakhala bwino, lembani kapepala: dzina la wogulitsa, nambala ya chiphaso chake mutachiona ndi maso n'kuchifananiza ndi nkhope yake, mtundu wa kamera, serial number, mtengo, tsiku, ndi masaini a mboni. Potumiza ndalama, onani dzina limene latuluka pa foni musanaike nambala yanu yachinsinsi. Likasiyana ndi la pa chiphaso, imani.

Nanga katundu wa kutali?

Ena anena kuti malangizowa ndi a anthu ogula mu Lilongwe momwemuno, pamene kamera zabwino ndi zotsika mtengo zili ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku UK. N'zoona, ndipo sitikutseka njira imeneyo. Chisilamu sichinaletse kulipiriratu. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, atafika ku Madina anapeza anthu akulipiriratu zipatso za chaka chamawa kapena cha mkuja, ndipo anawalola pokhapokha muyezo, kulemera ndi nthawi yoperekera zitadziwika. Amenewa ndi malonda a salam. Amayenera pa katundu amene angafotokozedwe bwinobwino, monga kamera yatsopano ya mtundu wakutiwakuti yochokera kwa wamalonda wokhazikika, pangano litalembedwa. Kamera yogwiritsidwapo ntchito ndi nkhani ina, chifukwa palibe ziwiri zofanana.

Pa yotereyi njira ndi wakili. Tonse tikumudziwa wakili pa nikah: munthu amene wapatsidwa mphamvu yoimira mnzake. Pa malonda nazonso n'chimodzimodzi, ndipo maso a wakili ndi maso a womutuma. Ndi mabanja ochepa pakati pathu amene alibe m'bale ku Joni, ku Durban kapena ku Cape Town. M'bale ameneyo, amene ife tamusankha osati amene wogulitsa watilozera, apite akaione kamerayo, aiyese monga tafotokozera, alipire pomwepo ndipo atenge lisiti. Ku South Africa lamulo la katundu wogwiritsidwapo ntchito la 2009 limakakamiza masitolo ogulitsa zinthu zotere kulemba chiphaso cha amene wawagulitsa katunduyo, choncho sitolo yolembetsedwa ndi yodalirika kuposa munthu wokumana naye pa siteshoni. Amene ali ndi abale ogula pa eBay awakumbutse kulipira kudzera pa tsambalo, osati pambali, chifukwa chitetezo cha wogula chimathera pomwe wachokera pa tsambalo. Msonkho wa pa chipata uwerengeredwetu m'bajeti, ndipo umaperekedwa ku MRA ndi lisiti lake, osati pa nambala ya foni ya munthu. Tchaja ya ku South Africa imabwera ndi pulagi ya mano obulungira, ndiye konzekeraninso adaputa.

Kutchipa kwina ndi misozi ya mnzathu

Pali kamera zina zimene zilipodi, zikugwira bwino ntchito, ndipo mtengo wake ndi wotsika modabwitsa. Zilibe tchaja, zilibe bokosi, ndipo wogulitsa sadziwa ngakhale poyatsira. Tisadzinamize. Kamera yotere yathyoledwa m'galimoto kapena yatsomphoredwa kwa wojambula amene amadyetsa nayo ana. Malamulo a dziko lino amazenga mlandu wolandira katundu wakuba, ndipo apolisi akaipeza amaitenga, ndalama zanu osabwerera. Kumbali ya chipembedzo, wakuba alibe umwini woti angakugulitseni. Chinthucho chimakhalabe cha mwini wake ngakhale mutalipira. Bizinesi imene tikufuna kuti ikhale ndi baraka isayambire pa katundu wotere.

Kwa akuluakulu a komiti

Ndalama za mzikiti ndi za sukulu ndi amana. Zinachokera m'mabokosi a tsiku la Ijumaa, kwa amayi ogulitsa mandasi ndi abambo oyendetsa kabaza. Tikupempha mwaulemu kuti pasapezeke munthu mmodzi, ngakhale wokhulupirika chotani, wogula yekha chida chotere pa foni yake. Pakhale mitengo yochokera kwa ogulitsa atatu, anthu awiri okaona, lisiti, ndipo serial number ilembedwe m'kaundula wa katundu.

Komanso tiyambe tafunsa ntchito imene chidacho chikagwire. Makamera ambiri a DSLR amadula okha kanema asanakwane mphindi 30, ena ngakhale pa mphindi 20 kapena kucheperapo, pamene ulaliki ndi mipikisano ya Qur'an zimapitirira pamenepo. Canon 2000D ndi Nikon D3500 zilibe polowetsa maikolofoni, pamene pa ulaliki mau ndi amene ali ofunika kuposa nkhope. Nthawi zina foni yabwino, choimikira chake ndi maikolofoni yomata pa mkanjo zimagwira ntchitoyi bwino pa mtengo wochepa. Safunsa anadya phula.

Zikavuta

Amene waberedwa asabise chifukwa cha manyazi, pakuti manyazi athu ndi amene amateteza wakubayo. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo. Ndalama zikakhala zisanatapidwe pamakhala mwayi woziimitsa. Sungani mauthenga onse, nambala ya wakubayo ndi nambala ya malonda imene inabwera pa uthenga wotsimikiza, ndipo kanenani kupolisi. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu, ndipo kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo loona za malonda ndi milandu ya pa intaneti. Ngati amene wakuchimwirani ndi sitolo kapena kampani yodziwika imene yakugulitsani chinthu chosiyana ndi chimene inalonjeza, bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula. Chenjezaninso anzanu, koma nenani zokhazo zimene muli nazo umboni, pokumbukira kuti nkhope ya pa chithunzi chija ikhoza kukhala ya munthu wosalakwa. Makolo, mwana akakuululirani kuti wapusitsidwa, yambani mwamuthandiza kuimba foni. Kudzudzula kubwere pambuyo.

Inu ana athu, tsiku lina mudzakhala mbali inayo, mukugulitsa kamera yanu yoyamba kuti mugule yabwinopo. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, akupisa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa n'kupeza kuti chonyowa chabisidwa pansi, ndipo anadzudzula wogulitsayo kuti akanachiika pamwamba anthu achione. Chuku cha m'lenzi, batire lotopa ndi batani lokakamira ndi chonyowa chanu, chiikeni pamwamba. Wogula akabwera ndi tochi yake ndi mafunso ake, mupatseni mpando ndi nthawi, monga mmene mukufunira kuti akuchitireni lero.

Allah adalitse malonda athu, ateteze thukuta la makolo athu, ndipo apatse ana athu rizq ya halali. Ameen.

Wassalamu alaikum.

Mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu